Sitiroko yobwera ndi kugunda kwa mtima kosalongosoka: ndi yochuluka bwanji, ndipo odwala zimawathera bwanji?

Mphunzi_wa_unamwino:

Akuluakulu, ndapota nanu, ndithandizeni pa nkhani ya atrial fibrillation, ija timangoti AF, pamene mtima umagunda mosalongosoka. M'mabuku amalemba kuti mwa sitiroko zisanu zobwera chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha wa mu ubongo, imodzi gwero lake ndi AF. Koma m'mawodi mwathu muno sitiroko imatchulidwa limodzi ndi BP, shuga ndi HIV, za AF sizimveka kawirikawiri. Ndiye chiwerengero chimenechi chikutikhudza ifenso, kapena ndi cha kunja kokha? Nanga n'chifukwa chiyani amati sitiroko ya AF ndi yoopsa kuposa zinazo? Ndipo aspirin amene odwala ambiri amatuluka naye m'chipatala, kwa munthu wa AF amakwanira?

Kiliniko_wa_akulu:

A Mphunzi, chiwerengerocho n'choona, koma chili ndi kwawo. Ku Framingham, tauni ya ku Massachusetts ku America, ofufuza akhala akutsatira umoyo wa anthu kuyambira 1948. Mu 1991 anasonyeza kuti AF imachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu. Koma taonani mmene zimayendera ndi zaka: mwa anthu a zaka 50 mpaka 59, sitiroko zochokera ku AF zinali 1.5 pa 100 zilizonse, pomwe mwa a zaka 80 mpaka 89 zinafika 23.5. Choncho "imodzi mwa zisanu" ija ndi ya mayiko odzaza ndi okalamba. Ku Malawi kuno pafupifupi theka la anthu sanakwanitse zaka 18.

Kwathu kuno sitiroko ili ndi eni ake ena. Kafukufuku wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti BP ndiyo inali kumbuyo kwa sitiroko 46 pa 100, HIV 15, ndipo mwa odwala osapitirira zaka 45 HIV ndiyo inali patsogolo. Ku Ghana ndi ku Nigeria, kafukufuku wa SIREN anapeza kuti pafupifupi sitiroko imodzi mwa zitatu ndi ya kuphulika kwa mtsempha, osati kutsekeka. Ndiye gawo la AF kuno ndi locheperapo ndithu.

Komabe musathamangire kunena kuti kulibe. AF yambiri imabwera n'kupita, mwina maola ochepa pa sabata, ndipo ECG, chithunzi cha mmene mtima ukugundira, imodzi yokha yojambulidwa tsiku lofika m'chipatala imaiphonya. Ku Canada mu 2014, kafukufuku wa EMBRACE anatenga anthu a zaka 55 kupita m'mwamba amene gwero la sitiroko yawo silinkadziwika. Ovala kachipangizo koyeza mtima kwa maola 24 okha, AF inapezeka mwa 3.2 pa 100. Ovala kwa masiku 30, inapezeka mwa 16.1. Tsono ganizirani wodi imene ngakhale ECG imodzi ija sijambulidwa. Kusamveka kwa AF pakati pathu, mbali yaikulu, ndi kusaifufuza.

Za kuopsa kwake, zimayambira mu mtima momwemo. Zipinda ziwiri zapamwamba zimasiya kufinya bwino, zimangonjenjemera. Pa chipinda chakumanzere pali kathumba kooneka ngati khutu, ndipo magazi amaima m'menemo ngati madzi a m'chithaphwi mpaka kuundana. Mwa odwala opanda vuto la mavavu, titseko tija ta mu mtima, zibuluma zoposa 90 pa 100 zimapezeka m'kathumba kameneka. Chibulumacho chikathothoka chimadutsa m'chipinda chapansi, kukwera m'mitsempha ya m'khosi, n'kukatseka mtsempha waukulu wa mu ubongo kamodzin'kamodzi. Mtsempha umene wakhala ukuchepa pang'onopang'ono kwa zaka umapatsa thupi mpata wotsegula tinjira tina tolambalala. Apa mpata umenewo palibe, ndiye gawo la ubongo lofa limakhala lalikulu. Kuwonjezera apo, chibuluma chija chikasweka patapita masiku, magazi amabwerera m'mitsempha yofooka kale n'kuyamba kuchucha m'malo ofawo.

Ku Framingham komweko, mu 1996, omwalira m'masiku 30 oyamba anali 25 pa 100 mwa a sitiroko ya AF, ndi 14 mwa enawo. Ndipo kafukufuku wa mu 2016 amene anatsatira odwala AF oposa 15,000 m'mayiko 47 anapeza kuti mu Africa 20 pa 100 anamwalira chaka chisanathe, poyerekeza ndi 10 ku North America, kumadzulo kwa Europe ndi ku Australia. Ogwidwa sitiroko m'chaka chimenecho anali 8 pa 100 mu Africa, kuposa dera lina lililonse. Ochepa powawerenga, inde, koma tikutaya ambiri mwa ochepawo.

Namwino_wa_usiku:

Ndiwonjezere za kaipezedwe, chifukwa chida choyamba tonse tili nacho: zala. Ikani zala ziwiri kapena zitatu pamkono, mbali ya chala chachikulu, ndipo werengani mphindi yathunthu. Chizolowezi chowerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi ndicho chimabisa AF. Mtima wongodumpha kamodzi n'kubwerera mwakale ndi nkhani ina. Wa AF ulibe dongosolo lililonse: pena kawiri mothamanga, kenako kudikira, kwina kwamphamvu, kwina kongomveka patalipatali. Mukakayika, mverani ndi stethoscope pansi pa bere lakumanzere wina akuwerenga pamkono nthawi yomweyo. Pachifuwa mukapeza 130 pamkono 95, ndiye kuti kugunda kwina sikukutulutsa magazi okwanira kufika kumkono.

Makina a BP a mabatire amasokonezeka ndi AF. Ena amakana kuwerenga, ena amapereka manambala osiyana kwambiri motsatizana. Musangoti makina awonongeka. Gwirani mkono wa wodwalayo. Yezani katatu n'kutenga chapakati. Pa ECG, timafunde ta P, toonetsa kufinya kwa zipinda zapamwamba, sitioneka ndipo mipata ya pakati pa nsonga zazitali, ma R, ndi yosafanana. ECG ikatuluka yabwino, pitirizani kugwira mkono shifiti iliyonse masiku oyambirira, n'kulemba ngati kugunda kuli kolongosoka kapena ayi, osati nambala yokha.

Pali zizindikiro zimene zimaloza kumtima ngakhale musanayeze. Munthu anali bwinobwino, akulima kapena akuphika, wangogwa ndipo zonse zafika pachimake nthawi yomweyo. Kulankhula kwathawa kapena sakumva zimene mukunena, maso ndi mutu zatembenukira mbali imodzi kuthawa mbali yakufayo, saona za mbali imodzi. Funsaninso ngati anamvapo mwendo ukupweteka ndi kuzizira mwadzidzidzi, poti chibuluma sichisankha kopita. AF ikapezeka, fufuzani chithokomiro, mowa makamaka kachasu womwa kwambiri nthawi imodzi, mtima wotupa, ndi matenda otentha thupi monga chibayo.

Pa za imfa, ambiri sawapha ubongo wokha ayi. Sabata yoyamba ubongo ungatupe, makamaka pa tsiku lachiwiri mpaka lachisanu. Kupitirira apo chimapha kwambiri ndi chibayo chobwera chifukwa chotsamwa. Pafupifupi theka la odwala sitiroko sameza bwino masiku oyamba, ndipo pa sitiroko zikuluzikulu ngati za AF vutoli limakula. Gadiyani chifukwa cha chikondi amafuna m'bale wake adye, ndiye amamuthira phala kapena thobwa m'kamwa ali chigonere. Muyeseni kaye: akhale maso, atakhala tsonga, mumpatse madzi a pa supuni yaing'ono katatu, kenako pafupifupi 50 ml. Akatsokomola, mawu akamveka ngati ali ndi madzi pakhosi, kapena madzi akatuluka pakona ya mlomo, lekani, adye kudzera pa chubu cha m'mphuno. Kumutembenuza maola awiri alionse, kutsuka m'kamwa, ndi kuyamba mafizo akangokhazikika, zimenezi gadiyani aphunzitsidwe ndi manja, osati pakamwa pokha.

Wa_ku_famase:

Funso la aspirin ndiyankhe mosapita m'mbali: sakwanira. Aspirin amalimbana ndi tizigawo ta magazi timene timamatirira pakhoma la mtsempha wowonongeka. Chibuluma cha m'kathumba kaja chimapangika mwanjira ina, m'magazi oima. Mu 2007 ofufuza atasonkhanitsa zotsatira za makafukufuku 29, anapeza kuti warfarin, mankhwala oletsa kuundana kwa magazi, amachepetsa sitiroko ndi 64 pa 100, pomwe aspirin ndi anzake ndi 22 yokha. Ena amati kwa okalamba aspirin ndiye wosaopsa. Ku Birmingham chaka chomwecho anayesa anthu 973 a zaka 75 kupita m'mwamba: ovulazidwa ndi sitiroko yaikulu ndi zofanana nayo anali 1.8 pa 100 pa chaka mwa omwa warfarin, 3.8 mwa omwa aspirin, ndipo kutaya magazi koopsa kunali kofanana mbali zonse.

Woyenera mankhwala timamudziwa powerengetsa mapointi a CHA2DS2-VASc. Mtima wofooka, BP, shuga, matenda a mitsempha, zaka 65 mpaka 74 ndi kukhala wamkazi, chilichonse ndi pointi imodzi. Zaka 75 kupita m'mwamba ndi ziwiri, sitiroko yakale ndi ziwirinso. Mwamuna akafika 2, mkazi 3, mankhwala ndi ofunika. Malangizo a ku Europe a 2024 anachotsamo pointi ya ukazi, ndiye aliyense malire ndi 2. Wodwala amene mukumufunsayu wagwa kale ndi sitiroko, ndiye wafika basi.

Warfarin ndi wamphamvu koma amafuna kumulondalonda. INR, muyeso woonetsa mmene magazi akuchedwera kuundana, ikhale pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika pansi pa 2 chitetezo chimagwa msanga, ikakwera kupitirira 4 chiopsezo cha magazi kuchucha mu ubongo chimakula. Ambiri amayamba ndi 5 mg, okalamba, oonda ndi a chiwindi chofooka ndi wocheperapo. INR iyezedwe patatha masiku atatu mpaka asanu, kenako sabata iliyonse mpaka itakhazikika, ndiye pafupifupi mwezi uliwonse. M'buku lembani mamiligalamu, osati "piritsi limodzi", chifukwa mapiritsi amabwera ndi mphamvu zosiyana malinga ndi kumene achokera. Woiwala dzulo asamwe awiri lero.

Pamene pamagwera anthu athu ambiri ndi pa mankhwala ena. Bactrim, Flagyl ndi fluconazole amakweza INR, nthawi zina m'masiku ochepa chabe. Amene amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku mulingo wa warfarin umakonzedwa mogwirizana naye, koma akamuyamba kapena kumusiya INR iyezedwenso. Rifampicin wa TB amachita zosiyana: amafulumizitsa chiwindi kuphwanya warfarin, moti mulingo umafunika kukwezedwa kawiri kapena kuposerapo. Choopsa chenicheni chimadza pomaliza mankhwala a TB. Wodwala akusangalala kuti miyezi 6 yatha, chiwindi chikubwerera mwakale m'masabata otsatira, iye akumwabe warfarin wochuluka uja. Patapita masabata awiri kapena atatu, nkhama zikutuluka magazi, mkodzo wafiira. Tsiku lomaliza TB lilembedwe m'buku la warfarin. Mwa ma ARV, efavirenz ndi nevirapine amasokonezanso, dolutegravir alibe vuto lalikulu pamenepa. Brufen, diclofenac ndi Indocid ogula pagolosale sakweza INR kwenikweni koma amakanda m'mimba. Wa ululu amwe Panado. Mankhwala achikuda funsani mwaulemu, anthu sanena okha.

Za masamba, chonde musamaletse anthu ndiwo zawo. Nkhwani, bonongwe, mpiru, chisoso ndi chigwada zili ndi vitamini K amene amafooketsa warfarin, koma vuto si kudya, vuto ndi kusinthasintha. Dzinja masamba ali mbwee tsiku lililonse, chilimwe akusowa, INR imayenda ndi nyengo. Adye mofanana, ndipo nyengo ikasintha ayezetse.

Mankhwala atsopano, dabigatran, rivaroxaban, apixaban ndi edoxaban, safuna INR ndipo amachepetsa kuchucha kwa magazi mu ubongo pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi warfarin. WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2019. Apixaban ndi 5 mg kawiri pa tsiku, kutsika pa 2.5 mg ngati ziwiri mwa izi zilipo: zaka 80 kupita m'mwamba, thupi la 60 kg kutsika pansi, creatinine, muyeso wa mmene impso zikugwirira ntchito, ya 133 µmol/L kupita m'mwamba. Rivaroxaban ndi 20 mg kamodzi, pamodzi ndi chakudya chenicheni, apo ayi salowa bwino m'thupi. Impso zikafooka ndi 15 mg. Sayenda ndi rifampicin, ndipo ndi ARV ya ritonavir pamafunika kusamala kwambiri. Mphamvu yawo imatha m'tsiku limodzi, ndiye wogula mwezi uno n'kulephera mwezi wamawa amakhala pambalambanda. Kwa wokhoza kuwapeza mosadukiza, ine ndimawaika patsogolo.

Za_mtima_ndi_mavavu:

A ku famase mwalongosola bwino, koma pa mawu anu omaliza ndiikepo chenjezo, chifukwa kwathu kuno m'pamene pagona nkhani. AF yathu si ya okalamba okha. Ina imachokera ku zilonda zapakhosi za ubwana zimene sizinalandire penicillin, n'kudzawononga vavu ya mitral. Vavuyo imauma n'kuchepa, chipinda chapamwamba chakumanzere chimatupa poyesa kukankha magazi pakabowo kakang'ono, mapeto ake AF. Mwa odwala AF a m'kafukufuku wa mayiko ambiri uja, a vuto la mavavu lotere anali 21.5 pa 100 mu Africa, ku North America 2.2 yokha.

Kafukufuku wa REMEDY, amene Malawi, Zambia ndi Mozambique analimo, anatsatira odwala mavavu 3,343. Zaka zawo zapakati zinali 28, awiri mwa atatu anali akazi, ndipo pafupifupi 22 pa 100 anali ndi AF. Mwa omwa warfarin amene anayezedwa, INR inali m'malo mwake mwa 28 pa 100 okha. Sitiroko ya AF kuno ingakhale ya mayi woyamwitsa, ndipo iye akafa ziwalo khomo lonse limagwedezeka.

Kwa munthu wa vavu ya mitral yochepa kwambiri, mapointi aja sitiwerengetsa. AF ikangopezeka, ayambe mankhwala ngakhale ali ndi zaka 22, wopanda BP, wopanda shuga. Ndipo mankhwala ake ndi warfarin. Ambiri tinkayembekezera kuti rivaroxaban atipumitsa ku INR, koma kafukufuku wa INVICTUS wa mu 2022, wa odwala oposa 4,500 m'mayiko 24 a mu Africa, Asia ndi Latin America, anasonyeza zina. Omwalira anali pafupifupi 8 pa 100 pa chaka mwa omwa rivaroxaban, pafupifupi 6 mwa omwa warfarin ndi anzake, ndipo sitiroko ya kutsekeka inachulukiranso kwa a rivaroxaban. Mwa odwalawa chibuluma sichikhala m'kathumba mokha, chimapangikanso m'chipinda chenichenicho. Oikidwa vavu yachitsulo nawonso ndi warfarin basi, ndipo ya mitral INR yake ndi yokwererapo, 2.5 mpaka 3.5.

Ndiye musanasankhe mankhwala, mverani mtima. Wodwala agonere kumanzere, mbali yaing'ono ya stethoscope muiike mopepuka pansi pa bere, mumvere kulindima kotsika pakati pa kugunda. Mtima ukamathamanga phokosoli limabisala, choncho aliyense wa AF wosafika zaka 60 ndi bwino ajambulidwe eko, sikani ya mtima, ngakhale simunamve kanthu. Jakisoni wa benzathine penicillin wa masabata atatu kapena anayi alionse asamusiye popanda dokotala kunena. Kwa amayi, warfarin amavulaza mwana m'mimba makamaka pa sabata ya 6 mpaka 12, ndiye za kulera zikambidwe tsiku lomwe mankhwala akuyamba. Woyamwitsa angamwe warfarin popanda vuto kwa mwana.

Mphunzi_wa_unamwino:

Zikomo kwambiri akuluakulu, mwanditsegula maso. Kamodzi kokha katsala. Munthu wagwa kale, AF yapezeka. Mankhwalawa ayambe liti, poti mwati malo ofawo amatha kuchucha magazi? Nanga agogo oyenda mwapendapenda, achibale akuopa kuti akagwa ataya magazi, timatani?

Kiliniko_wa_akulu:

Choyamba ndi sikani ya CT. Sitiroko ya kutsekeka ndi ya kuphulika simungazisiyanitse motsimikiza ndi maso, ndipo munthu wa AF angathenso kuphulika mtsempha, makamaka ngati BP yake inali yosasamalidwa. Kupereka warfarin kwa wotere n'kumupha. Sikani imapezeka kuzipatala zazikulu, choncho wodwala amene AF yapezeka ali ndi chifukwa chomveka chotumiziridwa kumeneko.

Sikani ikaonetsa kuti magazi sanachuche, lamulo lakale ndi la masiku 1, 3, 6, 12: tsiku limodzi ngati zizindikiro zinatha zokha, atatu kwa sitiroko yaing'ono, 6 yapakati, 12 yaikulu, ndipo pa yaikuluyo ndi bwino kubwereza sikani musanayambe. Makafukufuku a ELAN mu 2023 ndi OPTIMAS mu 2024 asonyeza kuti mankhwala atsopano aja akhoza kuyamba msanga kuposa apa popanda kuchulukitsa kuchucha kwa magazi. Koma zimenezo ndi za mankhwala atsopano, kwa anthu opanda vavu yochepa, m'zipatala zojambula aliyense. Pamene mukugwiritsa ntchito warfarin, kumbukirani kuti amatenga masiku pafupifupi asanu kuti agwire. Aspirin atseke mpatawo, ndipo INR ikafika 2 asiyidwe. Ambiri amapitiriza awiri onse kwa zaka chifukwa palibe analemba kuti wina aime, ndipo phindu lake ndi kutaya magazi kokha. Heparin, jakisoni woletsa kuundana kwa magazi, akakhala wamphamvu masiku oyamba, pokhapokha pali chifukwa chapadera monga vavu yachitsulo, amavulaza kuposa kuthandiza. BP itsike ndithu. Yapamwamba yopitirira 160 mwa womwa warfarin ndiyo njira yaifupi yopita ku kuphulika kwa mtsempha.

Kuchedwetsa mpaka kuiwala nako n'koopsa. Kafukufuku wa ku Europe wa mu 1993 anaona anthu a AF amene anali atagwidwa kale ndi sitiroko yaing'ono. Osamwa mankhwala, 12 pa 100 ankagwidwanso chaka chilichonse. Omwa mankhwala oletsa kuundana kwa magazi, 4.

Za agogo, mantha a achibale ndi omveka, koma ofufuza anawerengetsa mu 1999 kuti wokalamba wa AF angafunike kugwa maulendo pafupifupi 295 pa chaka kuti chiopsezo cha magazi m'mutu chipose phindu la warfarin. Konzani chogwetsacho: ndodo, nyali ya usiku, njira yopita kuchimbudzi, maso, mankhwala ogonetsa. Zifukwa zenizeni zoimitsira ndi zina, monga magazi amene akutuluka panopa, kuphulika kwa mtsempha wa mu ubongo kwaposachedwa, chiwindi chowonongeka kwambiri, mowa wosalekeza, kapena kusowa njira iliyonse yoyezera INR. Akagwa n'kumenyetsa mutu abwere kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, poti magazi a pansi pa chigaza amatha kudzionetsa patapita masiku.

Potuluka, m'buku la kuchipatala mulembe ndi zilembo zooneka: AF, zotsatira za eko, dzina la mankhwala ndi mamiligalamu ake, INR yofunika, tsiku ndi malo oyezetsa INR yotsatira, ndi tsiku losiyira aspirin. Gadiyani abwereze pakamwa zizindikiro zobwerera nazo msanga: chimbudzi chakuda ngati phula, mkodzo wofiira, magazi a m'mphuno osaleka patatha mphindi 10, mutu wopweteka mwachilendo.